Zikhomo Khumi ndi Ziwiri ndi Nyundo Yake

Pa zinthu zonse za pansi pano, Amadeu ankadziwa ziwiri: mbatata ya kachewere ndi kukhoma lona. Zinazo ankangoyerekeza, ngakhale kuti poyerekezapo mawu ake ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Anatsika ku Angónia ali mnyamata, atakhala pamwamba pa matumba m'lole, ndipo zaka zonsezi wakhala akugulitsa mbatata pamsika mumzinda wa Tete, pansi pa lona yomwe sinagwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mphepo ija imatsogoza fumbi mvula ili pambuyo inkazula malona a anzake n'kukawapachika pa mawaya a magetsi, koma yake inkangogwedezeka pang'ono n'kukhala. Nkhani imeneyi ankaikambira aliyense wogula, ngakhale wa kilo imodzi amene akuthamangira basi.

Choncho mwana wake Telma atafika kunyumba ku Chingodzi ndi uthenga woti akukagona m'tenti masiku khumi, Amadeu anaona ngati Mulungu wamukumbukira. Telma anali atamaliza maphunziro a miyala ya pansi pa nthaka, maphunziro omwe bambo ake ankawanyadira osamvetsa ngakhale tsamba limodzi. Kampani ina yofufuza miyala inatenga ophunzira asanu kuti ikawayese kumapiri a kumpoto, kumene galimoto imakutula pothera msewu, kwinako n'kwa miyendo, aliyense katundu wake kumsana. Pa asanuwo ntchito inali ya awiri okha. Mkazi anali Telma yekha, ndipo anyamata anayi aja anali atayamba kale kufunsana kuti adzamubereka ndani akadzatopa.

Zaka zinayi zathunthu Amadeu ankangosuzumira mwana wake akuwerenga mabuku okhala ndi zithunzi za miyala, osatha kumuthandiza kalikonse kupatula kumuuza kuti adye. Zinkamupweteka, ngakhale sankanena. Tsopano kwabwera tenti, ndipo tenti imafuna zikhomo. Apa ndiye panali pake.

Loweruka masana Telma anayala katundu wake pamphasa pansi pa mtengo wa masawu. Amadeu anazungulira mphasayo kawiri, manja kumbuyo, ngati wogula ng'ombe.

"Nanga zikhomo zili kuti?"

Telma anatulutsa kathumba kongokwana m'dzanja n'kukakhuthulira pamphasa. Tinagwa tizitsulo tonyezimira, tolira ngati masipuni.

"Zilipo za mitundu itatu, ababa. Zowonda ngati singanozi n'za dothi louma gwa, ngati la pabwalo pano. Izi za nthiti zitatu n'za dothi wamba, zimagwira osazungulira. Zophwatalala zamabowozi n'za mumchenga. Zonse n'za aluminiyu."

"Aluminiyu n'ngwa mapoto," anatero Amadeu.

Anazisonkhanitsa zonse m'dzanja limodzi n'kuziyesa. Dzanja limenelo linkadziwa kilo popanda sikelo, ndipo linamuuza kuti zonsezo sizikuposa mbatata ziwiri zapakati. Anapukusa mutu momvera chisoni mwana wake, aphunzitsi ake, ndi dziko lonse. Kenako analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi nyundo.

"Ababa, sizifuna maritelu. Mumangotola mwala n'kumagogoda pang'onopang'ono, chikhomo chitapendekera. Chikakumana ndi mwala pansipo mumachisuntha."

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Amadeu anaimika kachikhomo kowonda kaja chilili, anakweza nyundo mpaka kuseri kwa khutu, n'kukamenya kamodzi monga amamenyera zitsulo zake kumsika. Kanapindika ngati mbedza. Ndipo n'zochititsa manyazi kunena, koma mtima wa mkuluyu unasekerera.

"Waona? Waona, mwanawe? Izi n'zotokosera m'mano!"

Mkazi wake Hermínia, amene ankasenda mtedza pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu. "Bambo a Telma, mwathyola chinthu cha mwana, ndiye mukusekerera?"

"Ndamupulumutsa, mai a Telma. Bola chathyokera pano."

Telma anatola kachikhomo kaja, anakayang'ana, n'kukaika m'thumba la siketi.

Lolemba m'mawa Amadeu anasiyira mnzake woyandikana naye benchi kuti amuyang'anire mbatata, n'kupita kwa Arlindo, wowotcherera zitsulo. Anasankha yekha zidutswa za varau, chitsulo chamizeremizere chija amamangira nyumba, zonenepa ngati chala cha mkombaphala. Analamula zikhomo khumi ndi ziwiri, chilichonse kutalika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, chosongoka kumunsi, chopindika kumutu. Arlindo anawonjezapo chimodzi cha basela.

"Lona yake njayikulu bwanji, kumpadre? Mukumanga tchalitchi?"

"N'za injinyera wanga. Akupita kumapiri."

"Pa galimoto?"

"Wapansi! Masiku deji!" anayankha Amadeu akudzimenya pachifuwa.

Arlindo ananyamula mtolowo, anautsitsa, anatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Koma Amadeu anali atayamba kale kufotokoza za mphepo ya chaka chija malona onse anauluka, ndipo Arlindo, amene nkhaniyo anali ataimva kokwanira, anangothandiza kumangirira mtolowo kumbuyo kwa njinga yamoto.

Lachitatu chakumadzulo, dzuwa litayamba kupepa, Amadeu analamula kuti apite ku Revubwe akamuonetse mwana mmene amuna amakhomera tenti. Mtsinjewo unali utaphwa, madzi akungoyenda chakumbali, pakati ponse pali mchenga woyera. Amayi angapo ankachapa chapafupi, ndipo Amadeu anasankha malo oti amayiwo aziona bwino.

Zikhomo zake zinalowa mumchenga mosavuta, nyundo imodzi chikhomo chimodzi, mpaka kumutu. Anamanga zingwe, anaimirira chapatali, n'kutsokomola kuti mboni zitembenuke. Zinatembenukadi, nthawi yomweyo imene kamphepo kanatsika ndi mtsinje n'kulowa m'tenti muja. Tenti inafufuma. Zikhomo zinasolomoka chimodzichimodzi ngati mthiko m'phala, ndipo nyumba yonse ya injinyera inayamba kugubuduka kulunjika kumadzi. Amadeu anaithamangira, mimba patsogolo, patapata mmodzi atatsala mumchenga. Anaigwira itanyowa kale ngodya imodzi, iye atalowa m'madzi mpaka m'maondo. Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Telma sanaseke, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kusekako. Anatenga chimodzi mwa zophwatalala zija, anamanga chingwe pabowo lapakati, anafukula mchenga ndi manja mpaka pamene unayamba kunyowa, anagoneka chikhomocho chopingasa, n'kukwirira, n'kupondaponda.

"Takokani, ababa."

Amadeu anakoka. Anakokanso atalimbitsa miyendo. Chingwe chinangolira.

"Mchenga si dothi," anatero akupuma mwabefu. "Munthu wanzeru zake sagona pamchenga."

"Nthawi zina malo osalala amakhala okhawo."

"Nanga pathanthwe? Tiona ngati timasipuni takoto tingaboole thanthwe."

"Pathanthwe palibe chimalowa, ngakhale chanucho. Mumamanga chingwe pa kamwala, n'kutsamiza mwala waukulu pachingwepo."

"Ndiye kuti ntchito akugwira ndi mwala! Nanga unaguliranji?"

Anaona kuti apa wapambana, ndipo anabwerera kunyumba mutu uli m'mwamba, buluku likudontha madzi. Munthu wina akanaphunzirapo kanthu tsiku limenelo. Amadeu anangophunzirapo kuti mchenga wa Revubwe ndi wachabechabe.

Madzulo omwewo, chakudya chisanapse, anansi ndi abale a ku Angónia anabwera kudzatsanzikana ndi Telma. Anapemphera, anamulangiza za njoka ndi za anyamata. Atatha onse, Amadeu anaimirira, anakonza kukhosi, n'kutulutsa mtolo wokulungidwa m'chiguduli cha thumba la mbatata, nyundo itasomekedwa pambali.

Kwawo kwa anthu amenewa, kholo likapereka kamba wa paulendo, mwana safunsa kuti muli chiyani, kapena kuti ndikachita nazo chiyani. Amagwada n'kulandira ndi manja awiri. Kukana pamaso pa anthu n'chimodzimodzi kunena kuti amenewa si bambo anga. Amadeu ankadziwa bwino zimenezi, ndipo ngati tinene chilungamo, n'chifukwa chake anadikira kuti anthu achuluke.

Telma anagwada. Mtolo utatera m'manja mwake, mikono inatsika mpaka pafupi ndi pansi. Amadeu anaona ngati ndi ulemu.

"Mawu a akulu akoma akagonera, mwanawe. Ukabwere nazo zonse. Ndidzaziwerenga!"

Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Mayi wina analuluta. Amadeu anakhala pansi ali wokhuta ndi chimwemwe asanadye n'komwe.

Telma ananyamuka m'bandakucha pa minibasi. Anali atapempha kuti asaperekezedwe, kuopa kuti anyamata aja angamuone akutsitsidwa ndi bambo ake ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Gulu lonse linkakumana pamalo ena othirira mafuta pamsewu wa ku Moatize, kunyamuka seveni koloko. Amadeu anadzuka mochedwerako, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Potuluka kukasamba, anapunthwa pa mabotolo atatu akuluakulu a madzi, odzaza, atandandalikidwa bwinobwino kuseri kwa chitseko.

"Mai a Telma! Mwana uja waiwala madzi!"

Hermínia ankasesa pabwalo. Anaimika tsache.

"Sadaiwale."

"Nanga awa n'chiyani?"

"Shefi wawo adati moshila, chikwama cha kumsana chija, isapitirire makilo dezoitu, khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo akayeza aliyense asadakwere galimoto. Dzulo inu mukuperekeza alendo, mwana ankayeza pa balansa yanu ya mbatata ija, zitsulo zanu zili momwemo. Adachotsa zovala, sizidakwane. Adachotsa nsapato zina, sizidakwane. Adachotsa madzi."

"Madzi? Mwezi uno wa Otubru?"

"Watenga botolo limodzi. Akuti mjigo woyamba akaupeza mawa madzulo."

"Bwanji sadanene?"

"Anene kwa yani? Inu mumamva?"

"Nanga inuyo bwanji simudanene?"

"Ndakhala nanu zaka trinta, makumi atatu athunthu, bambo a Telma. Ndikadanena, mukadawonjezera zina zisanu."

Amadeu anaganiza za zitsulo zija. "Akazitaya panjira. Ndi wanzeru."

"Mudati mudzaziwerenga. Mwana wanu mumamudziwa."

Ankamudziwadi. Telma ndi uja ali wamng'ono anayenda tsiku lonse ndi nsapato yothina chifukwa anamugulira ndi bambo ake, n'kubwera ndi matuza osadandaula. Akanazinyamula zitsulozo masiku onse khumi, n'kuzibweza zokwana.

Chikhomo cha basela chija chinali chitatsamira pakhoma. Amadeu anachitola n'kuchiponya pa sikelo yake ya mbatata. Anayang'ana muvi, anachulukitsa m'mutu, anawonjezapo nyundo. Makilo asanu ndi kanthu. Iye amene ankatha kutulukira mwala wobisidwa pansi pa thumba la mbatata pongolikweza kamodzi, amene alimi akuba a m'mbali mwa msewu ankamuopa, anali ataika yekha miyala m'thumba la mwana wake, n'kuitana anthu kuti adzaombe m'manja. Zaka zonsezi akuyeza katundu wa eni, mphatso yake yokha ndiyo sanaiyeze.

Dzuwa linali litangotuluka koma malata anali atayamba kale kulira ndi kutentha. Dzuwa la ku Tete m'mwezi umenewo silicheza ndi munthu. Amadeu anaona m'maso mwake mwana wake ali pamtunda wamiyala, milomo itang'ambika, akutsalira kumbuyo, anyamata aja akutembenuka n'kumagwedezerana mitu. Ntchito ikanapita. Mwinanso si ntchito yokha. Mantha anamugwira, enieni.

Anamangirira mabotolo atatu aja panjinga, n'kuiliza atavala malaya ogonera.

Panjira m'pamene anayamba kuona kukula kwa dzenje limene anadzikumbira. Mphatso salanda. Zolanda zomwe wapereka amachita ndi ana akakangana pamasewera, osati bambo wa imvi zake. Komanso akanafika n'kunena zoona, kuti mwanayu anasiya madzi chifukwa choopa kukhumudwitsa bambo ake, mkulu wa gululo akanaganiza chiyani? Kuti uyu ndi mwana wolongedzeredwa chikwama kunyumba, wosadziwa kuti kutchire madzi amatsogola. Chilungamo chikanamuphera Telma ntchito mofanana ndi zitsulo zija. Panafunika kuti wina aoneke chitsiru, ndipo Amadeu anavomereza kuti pa ntchito imeneyo sabata yonseyi wakhala akudzikonzekeretsa bwino.

Anawapeza. Galimoto yoyera inali itaima pambali, ndipo mkulu wa gululo, bambo wamtali wotchedwa Stélio, anali atapachika sikelo ya mbedza kumbuyo kwake, akuyeza zikwama chimodzichimodzi. Telma anali pamzere, wachitatu, atapendekera kutsogolo ndi katundu. Ataona njinga ya bambo ake, nkhope yake inagwa.

Amadeu anatsika, anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu ake a kumsika aja.

"Telma! Zitsulo zanga!"

Onse anatembenuka, ngakhale othira mafuta.

"Ndaganiza bwino, sindingathe. Varau wabwinobwino akagone kuthengo? Lona yanga ndikhoma ndi chiyani, mano? Bweza, mwanawe, bweza!"

"Ababa..."

"Palibe za ababa! Pepani, shefi, bondiya, mwadzuka bwanji. Mwanayu ndidamupatsa dzulo pamaso pa alendo, mukudziwa mmene mowa wa ulemu umaledzeretsera. Lero ndadzuka ndili bwinobwino."

Mnyamata wina wa pamzerepo anayamba kuseka. "Epa, madala! Ngakhale mwana wanu yemwe?"

"Malonda alibe mwana! Koma musati ndine wakuba." Anamasula mabotolo aja n'kuwaimika pansi motsatana. "Tikusinthana. Kilo kwa kilo. Chitsulo kuno, madzi uko. Ndine wa mbatata ine, sindibera sikelo."

Apa ndiye anaseka onse. Wina anagwira galimoto kuti asagwe, wina anatulutsa foni. Stélio anapukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti pa zaka zake zonse za kutchire sanaonepo munthu wogulitsa madzi a pampopi pamtengo wa chitsulo, koma madzi owonjezera iye sakana. Manyazi anamuyabwa Amadeu kuyambira kuphazi mpaka m'makutu. Mawa lake msika wonse ukanadziwa kuti anathamangitsa mwana wake pa njinga kukalanda mphatso, atavala malaya ogonera. Anapirira, n'kupitiriza kukwinya nkhope ngati munthu woumira weniweni.

Telma anamuyang'ana, anayang'ana mabotolo aja, n'kumuyang'ananso. Anamvetsa. Anatula chikwama, anachitsegula, n'kusolola mtolo uja pansi penipeni pomwe anauika kuti usamubaye msana.

Tsono apa pali chinthu chimene Amadeu sakanauza munthu, ngakhale Hermínia. Pamene ankakuwa choncho, mumtima ankapempha kuti mwanayo asungeko chimodzi. Chimodzi chokha. Anene kuti, ababa, ichi nditenge, mwina pena pake chikafunika. Iye akanakalipa pang'ono kuti anthu aone, kenako n'kulola. Makilo sakanapitirira. Ndipo kumapiri kuja kukanakhala kanthu kena kochokera m'manja mwake kogwira ngodya imodzi ya tenti ya mwana wake.

Telma anapinda maondo pang'ono n'kupereka mtolowo ndi manja awiri. Anapisanso m'thumba la pambali n'kutulutsa nyundo.

"Zakwana, ababa. Werengani."

Sewero analiyamba yekha, ndiye anayenera kulimaliza. Anamasula chiguduli n'kuwerenga mokweza, anyamata aja akumuthandiza mwachipongwe. Zinali khumi ndi ziwiri.

Telma analonga mabotolo m'chikwama, ndipo Stélio atachipachika pa mbedza anagwedeza mutu kuti chili bwino. Telma anachiponya m'galimoto yekha, osadikira dzanja la munthu. Asanakwere anabwerera masitepe awiri, ngati akufuna kukonza chingwe cha panjinga ya bambo ake, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Zikomo, ababa. Mupite mukavale malaya."

Galimoto inalowa mumsewu n'kulunjika kumpoto. Mwana wake anapita kumapiri ndi madzi okwanira ndi tizikhomo take ta aluminiyu, ndipo m'chikwama monsemo munalibe kanthu kalikonse ka nzeru za bambo ake. Amadeu anadziwa kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Anakondwa, ndipo zinamuwawa koopsa. Anaimabe pomwepo, zitsulo atazikumbatira pachifuwa, akuyang'ana msewu umene galimoto inali itazimiririka kale, maso akumuyabwa.

"Madala," anatero mayi wothira mafuta, lole ikuliza hutala kumbuyo, "mwatseka njira."

Amadeu anapepesa, n'kukankhira njinga yake pambali.